Ogwira ntchito pa nyumba ya alendo ya m'nkhalango ya Tambopata

Kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Peru, m'chigawo cha Madre de Dios, mtsinje wa Tambopata umadutsa m'nkhalango ya Amazon. M'mbali mwake muli nyumba zogona alendo zimene msewu sufikako. Ina mwa izo ndi Posada Amazonas, yomwe inatsegulidwa mu 1998. Eni ake ndi anthu a m'mudzi wa Infierno, a mtundu wa Ese Eja pamodzi ndi ena amene anadzakhazikika kumeneko. Mu 1996 anapangana ndi kampani ya Rainforest Expeditions kuti kwa zaka 20 azigawana phindu, mudzi magawo 60 pa 100 alionse, kampani magawo 40.

Mlendo akachoka mumzinda wa Puerto Maldonado n'kufika padoko, moyo wake umakhala m'manja mwa woyendetsa boti. Madzi a Tambopata ndi amatope, pansi sipaoneka. Munthuyu amazindikira mchenga wobisika kapena chipika chomira poyang'ana mmene madzi akupindikira pamwamba. Nyengo ya dzinja mtsinje umakokolola mitengo yathunthu, ndipo pamene anadutsa dzulo lero sangadutsepo. Ndi yemweyo amene amanyamula mpunga, gasi ndi mafuta a injini. Akaona capybara, nyama yonga mbira koma yaikulu ngati nkhumba, ikuwothera dzuwa pagombe, amatsitsa injini asanauzidwe.

Woperekeza alendo amadzuka kukadali mdima. Kusanache amakhala atafika nawo pa chiphompho chimene zinkhwe zimasonkhana kudzadya dothi lokhala ndi mchere. Kenako amapita nawo ku nyanja yaing'ono ya Tres Chimbadas, kumene amapalasa ndi nkhafi chifukwa phokoso la injini lingathamangitse akatumbu akuluakulu a kumeneko. Akatumbuwa amatalika kupitirira mita imodzi ndi theka, amayenda pabanja, ndipo aliyense ali ndi banga lakelake loyera pakhosi. Woperekeza wozolowera amawasiyanitsa ndi mabangawo. Usiku amawalitsa tochi m'mphepete mwa madzi kufunafuna maso ofiira a ng'ona za mtundu wa caiman. Luso limeneli silichokera m'kalasi mokha ayi. Ndi la alenje ndi asodzi a m'mudzimo, amene amamva kulira kwa mbalame n'kudziwa kuti anyani ali chakuti.

Palinso ena amene mlendo sawaona kwenikweni. Zipinda za pa Posada Amazonas zilibe khoma mbali yoyang'ana kunkhalango, choncho okonza m'zipinda amalimbana ndi masamba, tizilombo ndi chinyezi tsiku ndi tsiku, ndipo amaonetsetsa kuti neti yotchinga udzudzu ilibe kabowo. Akalipentala amasintha matabwa amene chiswe chadya ndi kufolera denga ndi masamba a kanjedza. Ena amalambula tinjira ndi zikwanje, poti nkhalango sichedwa kutseka pamene padulidwa. Ophika nawo amawerengera chakudya mosamala, chifukwa chikatha palibe golosale yothamangirako.

Ntchitoyi ili ndi zowawa zake. Munthu amagona kutali ndi banja, ndipo wodziwa Chingelezi ndiye amakhala ndi mwayi wa ntchito yoperekeza alendo akunja. Mu 2020, Peru itatseka malire chifukwa cha Covid-19, alendo anasiya kubwera, ndipo maboti anangokhala padoko. Kwinaku kuli migodi ya golide yosaloledwa, imene imakopa achinyamata ndi ndalama za msangamsanga koma imagwetsa nkhalango ndi kuthira mercury m'madzi. Mu 2019 boma linachita kutumiza asilikali ndi apolisi ku dera la migodi la La Pampa kukathamangitsa okumba.

Kale katumbu ankaphedwa chifukwa cha chikopa chake, mpaka malondawo analetsedwa m'zaka za m'ma 1970. Chikopa chinkagulitsidwa kamodzi basi. Lero katumbu wamoyo amadyetsa woyendetsa boti, wophika ndi kalipentala chaka ndi chaka, malinga ngati mtsinje usungidwa bwino.