Lole yotchipa ija, mwini wake mukum'dziwa?

Mwezi ukamatha misewu ya m'matauni mwathu imadzaza ndi malole osenza mabedi, matilesi, masofa ndi mbaula, pamwamba pake patakhala mnyamata atafumbata wotchi yapakhoma. Ena lendi yawakwerera, ena eni nyumba awauza zija zakuti "mwana wanga akufuna alowemo", enanso asamutsidwa pantchito kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe.

Chimandidabwitsa ine n'chakuti munthu amene sangasiye njinga yake panja pa sitolo osakiya, tsiku losamuka amatenga zonse zimene wakhetsera thukuta zaka khumi n'kuzipereka kwa munthu amene sakum'dziwa ndi dzina lomwe. Funso lake limakhala limodzi basi: "Mupanga zingati?" Amene watchula mtengo wotsika ndi yemweyo. Ine ndikuti funso loyamba likhale ili: zinthu zikavuta, munthu ameneyu ndikam'peza kuti?

Makampani osamutsa katundu alipo ndithu ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ali ndi maofesi, amabwera kudzaona katundu, kukulemberani mtengo papepala ndi kulongedza okha m'makatoni. Koma tinene zoona, ambiri opita kumeneko ndi akazembe, mabungwe ndi mabwana amene ndalama yake ikulipira ndi ofesi. Enafe timapita poima malole aganyu pafupi ndi msika, ndipo si tchimo ayi. Pakati pa madalaivala amenewa pali anthu okhulupirika kuposa ena ovala mataye. Vuto lili pa kasankhidwe kathu.

Mukangofika pamalopo, woyamba kukuthamangirani kawirikawiri sakhala dalaivala kapena mwini lole, koma dobadoba. Iye chake ndi kangachepe, choncho amavomera chilichonse. Onyamula katundu? "Alipo bwana." Tenti? "Ilipo bwana, yatsopano." Tsiku losamuka kumatulukira lole ina ndi dalaivala wina amene zonsezo sakuzidziwa. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Kambiranani ndi munthu amene adzagwire chiwongolero, ndipo ngati lole si yake akupatseni nambala ya mwini wake, muyimbe iye ali pomwepo. Lembani nambala ya galimoto, onani laisensi yake, onaninso ngati COF ndi inshuwalansi zomata pagalasi sizinathe ntchito. Dalaivala wabwino sakwiya nazo zimenezi. Wokwiyayo musiyeni.

Kenaka mtengo. Musangomva nambala n'kugwedeza mutu, funsani zimene zili m'kati mwake. Mafuta ndi a yani? Anyamata onyamula alipira ndani? Katundu akapanda kukwana ulendo umodzi, wachiwiriwo ndi zingati? Ngati ndi ulendo wa makilomita opitirira 300 wopita ku Lilongwe, musaiwale kuti pamsewu wa M1 pali zipata zolipiritsa, cha pa Chingeni chimene chidatsegulidwa mu 2021 ndi cha pa Kalinyeke ku Dedza cha mu 2022. Mukazisiya zosakamba, mudzazikamba lole itaima pakhomo la nyumba yatsopano, dalaivala atakana kumasula zingwe mpaka muwonjezere, ati msewu wa kwanu ndi woipa, ati mafuta akwera. Apo katundu wanu wasanduka chikole ndipo mulipira ndithu, chifukwa ana akufuna pogona. Kapepala kong'amba m'kope komwe nonse mwasainapo, kapena uthenga wa pa WhatsApp, n'kokwanira. Ndalama perekani theka ponyamuka, yotsalayo katundu yense akatsika.

Koma nkhani imene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi ya zimene zimachitika panjira. Dalaivala amene wakutchipitsirani kwambiri, ndalama yotsalayo amakaipeza kwina. Pa Lunzu akweza anthu amatola, akhala pasofa panu ndi mitolo yawo ya nzimbe. Zimenezo n'zazing'ono. Zazikulu ndi makala. Aliyense woyenda msewu wa Zalewa amawaona matumba ataimikidwa m'mbali mwa msewu, ndipo lole yodzaza katundu wa m'nyumba ndi pobisalira pabwino, matumba asanu pansi pa matilesi ndani aona? Eti ndani aona! Lamulo la zankhalango la 1997 lidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo galimoto yopezeka ndi makala opanda chilolezo ikhoza kulandidwa. Ikagwidwa pa rodibuloko, dalaivala ayankha mlandu wake, inde, koma bedi lanu, mapoto anu ndi mayunifomu a ana zigona komweko, inu mukuyendera maofesi kufotokoza kuti makalawo si anu. Choncho muuzeni poyambirira kuti loleyo mwaichita hayala yonse, ndipo inu kapena m'bale wanu wamkulu akhale kutsogolo ndi dalaivala kuyambira ponyamuka mpaka pofika.

Za inshuwalansi ambiri timanamizidwa. Dalaivala amaloza kapepala kapagalasi n'kunena kuti zonse zili bwino. Kawirikawiri imeneyo imakhala ya "third party" imene lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo, yolipira anthu ena amene galimotoyo yawapweteka kapena kuwaonongera zinthu pamsewu. Kabati yanu yagalasi ikasweka m'mabampu si nkhani yawo. Katundu wonyamulidwa ali ndi inshuwalansi yakeyake yotchedwa "goods in transit", ndipo kampani ikanena kuti ili nayo, ikuonetseni pepala. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC limalandira madandaulo a anthu oponderezedwa pa malonda, koma mukapita kumeneko opanda lisiti, opanda nambala ya galimoto, n'kumati "anali bambo wina wake wamfupi wa lole yoyera", akuthandizani bwanji?

Njira yachidule ndi kufunsa anzanu a kuntchito, a kutchalitchi kapena kumzikiti amene asamuka posachedwa. Dalaivala amene akudziwa kuti mbiri yake ikafika kwa anthu khumi a mumpingo umodzi amamanga zingwe mosamala.

Pomaliza pali chizolowezi chathu chija chosamuka usiku, ati aneba asaone mipando yong'ambika. Mumdima ndi momwe katoni ya mbale imatsalira m'lole, wailesi n'kumera miyendo, miyendo ya tebulo n'kuthyoka osadziwika wathyola. Nyamukani m'mawa. Lembani manambala pamakatoni, muwerenge pokweza ndi potsitsa dalaivala akuona. Ziphaso, masatifiketi a sukulu, mabuku a kuchipatala ndi ndalama zikhale m'chikwama chanu chapamanja. Ndipo ngati ndi pakati pa Disembala ndi Malichi, tenti ija auzeni aitambasule muione nokha, muwerenge mabowo ake lole isanalize injini.