Kodi malole a Bedford ndi tiFiat ta ku Livingstone zinapita kuti?

Ana inu, mukaima m'mbali mwa msewu wochoka ku Chadiza kupita ku Chipata, mumaona ma Toyota, ma Canter odzaza matumba a feteleza, ndi njinga zamoto. Koma tafunsani ambuya anu kuti kalelo chimanga ndi thonje zinkanyamulidwa ndi chiyani. Mwina adzakutchulirani mayina amene simunawamvepo: Bedford, Datsun, Morris, Fiat. Onsewa anali magalimoto enieni, ndipo ena mwa iwo ankamangidwa muno m'Zambia momwemuno.

Tiyambe ndi Bedford. Malole amenewa anayamba kupangidwa mu 1931 m'tauni ya Luton ku England. Anali olimba, osachedwa kukonzeka akawonongeka, ndiye chifukwa chake anafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa. Koma patapita zaka, makampani ena anayamba kugulitsa malole abwino pamtengo wotsikirapo. Ogula anachepa, ndipo pofika mu 1987 eni ake a Bedford anali atasiya kupanga malole akuluakulu aja. Datsun nayo dzina lake linazimirira m'zaka za m'ma 1980, ngakhale kuti kampani yake ikadalipo. Ndi imene mumaidziwa kuti Nissan.

Nkhani imene ndikufuna muigwiritse bwino ndi ya ku Livingstone, kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Mu 1972 kumeneko kunatsegulidwa fakitale yotchedwa Livingstone Motor Assemblers, imene boma la Zambia linaikhazikitsa mogwirizana ndi kampani ya Fiat ya ku Italy. Injini, zitseko, magalasi ndi zina zonse zinkabwera m'mabokosi kuchokera kunja. Anthu a ku Zambia ndiwo ankazilumikiza, kuzimanga ndi mabawuti, kupenta, mpaka galimoto n'kutuluka pageti ikuyenda yokha. Zinali ngati mmene inu mumasonkhanitsira mawaya ndi zitsekerero za mabotolo popanga kagalimoto kanu, kungoti awa ankanyamula anthu. M'fakitalemo munatuluka timagalimoto ting'onoting'ono monga Fiat 127, ndipo kenako anayamba kumanganso Peugeot ndi Mazda.

Nanga fakitale yotere inatha bwanji? Mabokosi aja ankagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo Zambia inkapeza ndalama zimenezo pogulitsa mkuwa wa ku Copperbelt. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 mtengo wa mkuwa unagwa kwambiri. Ndalama zakunja zitasowa, mabokosi ankabwera ochepa, amisiri n'kumakhala opanda choti amange. M'zaka za m'ma 1990 boma linalola kuti katundu wakunja azilowa mosavuta, ndipo magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan anadzaza m'misewu. Anali otchipa kuposa atsopano a ku Livingstone, ndipo fakitale ija inatsekedwa. Ine zimandimvetsa chisoni, chifukwa amisiri aja anali ndi luso limene dziko linkalifuna.

Kampani ikatha, masipeya amayamba kusowa. Kachitsulo kamodzi kakathyoka, galimoto yonse imaima pansi pa mtengo, dzimbiri n'kuyamba kuidya. N'chifukwa chake magalimoto akale oyenda ndi osowa, ndipo alipo anthu amene amawasakasaka, kuwakonza ndi kuwasunga mosamala. Land Rover yakale imapirira kuposa anzake. Inayamba kupangidwa mu 1948, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene, chitsulo chili chosowa ku Britain. Thupi lake analipanga ndi aluminiyamu, amene sachita dzimbiri lofiira lija.

Komatu kumudzi kuno galimoto sitayidwa yonse. Tayang'anitsitsani ngolo imene ng'ombe zimakoka. Nthawi zambiri chitsulo cholumikiza matayala ake awiri chinachotsedwa ku galimoto yakale. Osula zitsulo amakonda masipuling'i a galimoto chifukwa chitsulo chake ndi cholimba, ndipo amasula nacho nkhwangwa ndi mipeni. M'masukulu ena, belu lokuitanani m'kalasi ndi limu ya tayala yopachikidwa pamtengo.

Mukapeza chigalimoto chakale pamudzi kapena pagalaja, yambani mwapempha eni ake, ndipo mupite ndi munthu wamkulu, chifukwa m'zitsulo zotere mumabisala njoka ndi mavu. Kenako fufuzani kachitsulo kakang'ono kokhomedwa pafupi ndi injini kapena pachitseko. Pamenepo pamalembedwa dzina la kampani imene inaipanga ndi nambala yake, nthawi zina ndi dziko limene inachokera. Koperani zimenezo m'kope lanu, mukawafunse amakaniko kapena ambuya kuti galimoto imeneyo inkayenda njira iti, ndipo inkanyamula chiyani.