Kulankhula ndi Kompyuta ya Linux: Mawu Oyamba a pa Terminal

Windo lakuda lija ndi chiyani?

Amene wagula laputopu yakale ku Kawale kapena ku Biwi n'kuikamo Ubuntu kapena Linux Mint, posakhalitsa amakumana ndi windo lakuda lopanda zithunzi, muli kamzere kophethiraphethira. Imeneyi ndiye terminal. Pa Ubuntu imatseguka mukadina Ctrl, Alt ndi T nthawi imodzi. M'kati mwake mumagwira ntchito pulogalamu yotchedwa shell, kawirikawiri Bash, imene imawerenga zomwe mwalemba, kuzichita, n'kudikira lamulo lina. Ntchito ikatheka bwino, nthawi zambiri siyankha kanthu. Kukhala chete kumeneko ndiko kuvomera kwake.

Linux inachokera kuti?

Anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, m'dziko la Finland, ndipo aliyense ali ndi ufulu woiwerenga, kuisintha ndi kuigawa. Ubuntu, womwe ndi mtundu umodzi wa Linux, inatuluka mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinalo ndi mbale wake wa liwu lathu loti umunthu. Linux si mlendo mu Lilongwe. Foni ya Android imene ili m'thumba mwanu imayendera pa iyo, ndipo makompyuta odina pagalasi amene bungwe la Baobab Health Trust linaika ku Kamuzu Central Hospital olembera odwala anamangidwa pa mapulogalamu a mtundu womwewu.

Kodi ndaima pati?

Ili ndiye funso lalikulu pa terminal, chifukwa malamulo ambiri amagwira ntchito pamalo pamene mwaima. Mafoda a mu Linux ali ngati mtengo wa tsinde limodzi, ndipo tsindelo limalembedwa ndi kamzere kopendekeka, `/`. Nyumba ya mwini kompyuta ili panthambi ina, mwachitsanzo `/home/mphatso`. Mukalemba `pwd` n'kudina Enter, kompyuta ikuuzani foda imene mulimo. `ls` amaonetsa zomwe zili m'fodamo. `ls -l` amawonjezera kukula kwa fayilo iliyonse ndi tsiku limene inasinthidwa. `ls -a` amaulula ngakhale mafayilo obisika, amene maina awo amayamba ndi kadontho. Poyenda pali `cd`. `cd Documents` amakulowetsani mu Documents, `cd ..` amakubwezani sitepe imodzi, ndipo `cd` payekha amakufikitsani kunyumba kulikonse kumene mwasochera. Zili ngati kulondolera mlendo. Amene ali kale ku Area 25 mumangomutchulira sekita, koma amene akuimba foni ali ku Mzuzu mumayamba ndi Lilongwe, kenako Area 25, sekitayo pomaliza. Njira imene imayamba ndi `/` ndi ija ya munthu wa ku Mzuzu: imakufikitsani posatengera pamene mwaima.

Zilembo zazikulu ndi mipata

Kwa Linux, `Biwi` ndi `biwi` ndi mafoda awiri osiyana. Mpata nawo uli ndi ntchito: umasiyanitsa liwu ndi linzake. Mukalemba `cd Area 25`, shell imva maina awiri, Area ndi 25, ndipo idandaula. Lembani `cd "Area 25"`. Njira yachidule ndi kulemba zilembo zoyambirira zokha n'kudina Tab; shell imalizitsa yokha dzinalo mosalakwitsa.

Kukopera ndi kusamutsa

Phindu la terminal limaoneka bwino pa benchi ya burning centre, paja anthu amathiritsa nyimbo m'mafulashi ndi m'makhadi a foni. Tinene kuti kasitomala wa ku Chinsapo wabwera ndi fulashi yolembedwa dzina loti NYIMBO. Pa Ubuntu fulashiyo ikalowa imapezeka pa `/media/mphatso/NYIMBO`. Poyamba `df -h` aonetsa malo amene atsalamo. `mkdir /media/mphatso/NYIMBO/Kwaya` atsegula foda yatsopano. Kenako, mutaima m'foda ya nyimbo zakwaya, `cp *.mp3 /media/mphatso/NYIMBO/Kwaya` akopera nyimbo zonse ulendo umodzi, kaya zilipo khumi kaya mazana atatu. Kanyenyezi kaja kakuimira dzina lililonse lothera ndi `.mp3`. Dongosolo lake silisintha: choyamba chimene mukutenga, chachiwiri kumene chikupita. Foda yathunthu imafuna `cp -r`. `mv` amasamutsa osasiya kope, ndipo ndi yemweyo amene amasintha dzina la fayilo. Musanazule fulashi lembani `sync` n'kudikira mpaka kamzere kabwerenso, chifukwa Linux imatha kusungiza zina m'kati mwa kompyuta isanamalize kuzilemba. Kuzula msanga, kapena magetsi kuzima nthawi imeneyo, kumasiya nyimbo zoduka.

Chifukwa chiyani rm amaopedwa?

Fayilo yofufutidwa ndi mausi imapita kudzala, kumene mutha kukaitolanso. Yofufutidwa ndi `rm` siidzera kudzala, yapita. `rm -r` amachotsa foda ndi zonse za m'kati mwake. Wongoyamba kumene ayenera kuzolowera `rm -i`, amene amafunsa kaye pa fayilo iliyonse, komanso kulemba `pwd` ndi `ls` asanafufute kanthu. Masekondi awiri amenewo apulumutsa zithunzi za ukwati ndi makalata ofunsira ntchito.

sudo ndi apt

Mafayilo oyendetsa kompyuta yonse ndi otetezedwa, ndipo kuwakhudza kumafuna chilolezo chapadera. Liwu loti `sudo` patsogolo pa lamulo limabwereka mphamvu zimenezo kwa kanthawi. Limafunsa pasiwedi, ndipo pa Ubuntu nthawi zambiri sipaoneka chilembo ngakhale chimodzi pamene mukulemba. Kiyibodi siinafe, ingomalizani n'kudina Enter. Mapulogalamu amabwera ndi `apt`. `sudo apt update` amangotenga mndandanda watsopano wa mapulogalamu amene alipo, pamene `sudo apt install vlc` amaika VLC yoonera mafilimu. Kwa wodalira bandulo ya pafoni pali chinthu chothandiza: pulogalamu ikakhala yofuna zinzake, apt amatchula mamegabaiti amene atsitse n'kufunsa ngati apitirize. Werengani nambalayo musanavomere. Lamulo la `sudo` lotengedwa pa intaneti kapena pa WhatsApp lisalembedwe musanadziwe chimene likuchita.

Zikasokonekera

Lamulo likakana kutha, Ctrl ndi C amaliimitsa. Kamuvi koloza m'mwamba kamabweretsa zomwe munalemba kale, kuti mungokonza chilembo cholakwika. Buku la malangizo lili m'kompyuta momwemo ndipo silidya bandulo: `man cp` afotokoza zonse za `cp` m'Chingerezi, ndipo `q` akutulutsani. Amene alibe laputopu ku Mgona kapena ku Area 23 atha kuika Termux pa foni ya Android n'kuyesera `pwd`, `ls`, `cd` ndi `mkdir` pomwepo.