Musanagule rauta ina: ntchito ya mlangizi wa netiweki ku Katawa

Ku Katawa mumzinda wa Mzuzu, monganso ku Chibavi, ku Chiputula ndi ku Zolozolo, tsiku silipita osamva wina akuti "netiweki yavuta." Amatero wa Mpamba ndi Airtel Money kasitomala ataima pakauntala, amatero mlembi wa pasukulu kalata ikakana kupita, amateronso mwini loji mlendo akadandaula kuti WiFi siikufika kuchipinda. Chotsatira timachidziwa. Munthu amathamangira m'tauni kukagula rauta ina, kapena amasintha kampani, kapena amawonjezera bandulo. Pakatha sabata vuto lili pompo, ndalama zapita. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kuletsa kutaya ndalama kotereku, alangizi a za netiweki ndi matelefoni, amene m'maofesi amangowatchula kuti ma consultant. Ambiri a ife ntchito yawo sitiidziwa bwino, n'chifukwa chake timawaitana mochedwa, zinthu zitagulidwa kale.

Amasiyana bwanji ndi wokoka mawaya?

Wokoka mawaya mumamuuza chochita: boolani apa, pachikani apa. Mlangizi amabwera inu musanadziwe chochita. Ali ngati mlangizi wa zaulimi, amene safika pamunda atasenza kale thumba la feteleza, koma amayamba wafukula dothi n'kufunsa zimene munabzala chaka chatha. Uyunso amayamba ndi mafunso. Ogwiritsa ntchito ndinu angati? Nthawi imodzi kapena mosinthana? Mukufuna kutumiza makalata okha, kapena misonkhano ya pa Zoom, kapena kulumikiza makamera? Netiweki ikazima kwa ola limodzi mutaya chiyani? Funso lomalizali ndi limene limalamula mtengo wa zonse, pakuti kachipatala kosunga mbiri za odwala pakompyuta sikangafanane ndi nyumba imene ana amangofuna kuonera mpira.

Akamva zonsezo amajambula pulani, amalemba zipangizo zofunika, amayerekeza makotesheni a ogulitsa osiyanasiyana, amayang'anira oika zipangizo, ndipo pomaliza amayeza ngati zimene mwalipira ndi zimene mwalandira. Kuno kwathu kawirikawiri munthu mmodzi yemweyo ndiye mlangizi, wogulitsa ndi wokwera padenga. Si mlandu, msika wake ndi wochepa. Koma amene phindu lake lili pa zipangizo sangafulumire kukuuzani kuti rauta yanu yakale ili bwinobwino. N'chifukwa chake ine ndimati ulangizi uzilipiridwa paokha, ulembedwe pamzere wakewake pa kotesheni, ngakhale anthufe sitinazolowere kulipira munthu amene sanatisiyire katundu m'manja.

Njira imene uthenga umayenda

Malawi sagunda nyanja ya mchere, choncho intaneti yathu yambiri imadzera kwa anansi. Nthambo zikuluzikulu za pansi pa nyanja, monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010, zimatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Kuchokera kumaiko oyandikana nafe faiba imalowa m'dziko muno kudzera ku Songwe, ku Mwanza ndi ku Mchinji. M'kati muno muli faiba ya Open Connect Limited, yomwe idachokera ku MTL, ya SimbaNet, ndi ya boma imene idamangidwa ndi Huawei potsatira mapolo a ESCOM n'kutsegulidwa mu 2018. Kenako pali nsanja za TNM, yomwe idayamba mu 1995, ndi za Airtel, yomwe idafika mu 1999 ikutchedwa Celtel. Kuchoka pansanja kapena papolo mpamene uthenga umalowa pakhomo panu.

Unyolo umenewu ungaduke paliponse. Pa 12 Meyi 2024 nthambo za EASSy ndi SEACOM zidaduka panyanja pakati pa Mozambique ndi South Africa, ndipo intaneti idalemera ku Tanzania, ku Kenya, ku Mozambique ndi kuno komwe. Tsiku limenelo rauta yatsopano siikanathandiza aliyense. Luso loyamba la mlangizi ndi kudziwa kuti padukapo ndi pati. Amatumiza kauthenga koyesera, kotchedwa ping, kuchoka pakompyuta kupita ku rauta, kenako kwa kampani yokupatsani intaneti, kenako kunja kwa dziko. Pamene yankho layamba kuchedwa kapena kusowa, pamenepo mpamene pali nthenda. Nthawi zambiri nthendayo imapezeka m'kati mwa mpanda wanu.

Tsiku loyamba pamalopo

Tiyerekeze sukulu ya pulaiveti ku Katawa: midadada itatu ya njerwa zootcha, denga la malata, ofesi kutsogolo, chipinda cha makompyuta kumapeto. Rauta aikhazika pamwamba pa kabati yachitsulo mu ofesi ya ahedi, kuseri kwa mabagala, poopa akuba. Maganizo ake ndi omveka, koma chitsulo chimabweza mafunde a WiFi, ndipo khoma lililonse la njerwa limadyako mphamvu yake. Pofika khoma lachitatu palibe chotsala.

Mlangizi amazungulira ndi foni kapena laputopu, kuyeza mphamvu ya siginolo chipinda ndi chipinda, n'kumalemba papepala. Amadziwa kuti mafunde a 2.4 GHz amapita patali koma amadzazana msanga, makamaka pamene nyumba zathithikana ndipo aliyense ali ndi kakekake, pomwe a 5 GHz amathamanga koma amagonja ndi makoma. Yankho lake kawirikawiri silikhala rauta yamphamvu kwambiri ayi, koma tizipangizo ting'onoting'ono togawa WiFi, kamodzi mumdadada uliwonse, tolumikizidwa ndi waya.

Pa wayapo ndiye pamagona chinyengo chambiri. Waya wa netiweki wa kopa suyenera kupitirira mamita 100 kuchoka pa switch, kabokosi kolumikizirapo mawaya. Mukadutsa pamenepo umayamba kutaya uthenga. Ndiye pali waya wotchipa umene pakatoni amalemba bwinobwino, koma m'kati mwake ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Wodziwa amadula kachidutswa, kusenda kamodzi mwa timawaya tisanu ndi titatu ta m'katimo, n'kupala ndi mpeni. Kakayera ngati msomali, wagwira wakuba. Akamaliza kufinya mitu ya waya amalowetsa mbali zonse ziwiri m'kachida koyezera, ndipo timagetsi tisanu ndi titatu tiyenera kuyaka motsatana. Kamodzi kakadumpha, amadula n'kuyambiranso. Waya wopangidwira m'nyumba akauyala panja, dzuwa limaung'ambula, mvula ya ku Mzuzu n'kulowa. Akausiya m'siling'i wopanda paipi, makoswe amauyesa chakudya.

Malo a ku Mzuzu nawonso ali ndi mawu ake. Mzindawu ndi wa zitunda ndi madambo, ndipo nyumba ya kunsi kwa chigwa ingavutike kugwira nsanja imene mnansi wa pamtunda akuigwira mosavuta. Pofuna kulumikiza malo awiri otalikirana ndi tizimbale ta wailesi, tiyenera kuonana maso ndi maso. Mlangizi wabwino amayang'ananso mitengo ya paini ndi bulugama imene ili pakati, podziwa kuti imene lero ili m'munsi, pakatha zaka ziwiri idzatchinga.

Magetsi ndi mphenzi

Ngati mlangizi wanu sanafunse za magetsi, funani wina. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo amayenda ulendo wautali kuti afike kumpoto. Siteshoni ya Wovwe ku Karonga ndi yaing'ono. Tonse tikukumbukira mmene zidalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Ndipo chowononga zipangizo si kuzima kokha, komanso kubwera: magetsi akamabwerera amatha kufika ndi mphamvu yopitirira muyezo.

Ubwino wake, rauta ndi switch yaing'ono sizidya magetsi ambiri. Batire limodzi ndi inveta, kapena kasola kochepa, zimatha kuzisunga kwa maola angapo, bola wina asalumikizepo ketulo kapena makina a fotokope. Mlangizi amawerengera mawati a chipangizo chilichonse, amachulukitsa ndi maola amene mukufuna, n'kuwonjezerapo pang'ono chifukwa cha masiku a mitambo ndi nkhungu, amene ku Mzuzu si achilendo.

Mphenzi ndiyo imapha netiweki yonse pakamphindi. Siifunika kugwa padenga lanu. Ikagwa chapafupi, waya wa kopa woyalidwa panja pakati pa midadada iwiri umatola mphamvuyo n'kuipititsa ku switch, ku kompyuta ndi ku pirinta. M'mawa mumapeza timabowo ta switch tada, kafungo ka pulasitiki wopserera kali m'chipinda. Njira yodalirika ndi kulumikiza midadada ndi faiba, poti ndi galasi ndipo siinyamula magetsi, komanso kukhoma ndodo ya kopa m'nthaka kuti mphamvu yosochera ipeze kolowera. Zimenezi zimakweza kotesheni, ndipo ndi zimene eni ntchito amakonda kufufuta poyamba. Musafufute. Zipangizozi zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo chichokereni Novembala 2023, pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kugula switch kawiri ndi chilango chenicheni.

Faiba, 4G kapena Starlink?

Palibe yankho limodzi. Faiba ndi yokhazikika ngati yadutsa pafupi nanu, ngakhale imaduka anthu akamakumba misewu ndi ngalande, kapena akuba akaiyesa kopa. Rauta ya 4G ndi yosavuta kuika, koma madzulo anthu onse akakhala pafoni nsanja imalemedwa. Starlink, yomwe idayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, siidalira nsanja kapena mapolo, koma imafuna thambo losatchingidwa, imadya magetsi kuposa rauta wamba, ndipo mvula yamphamvu imaifooketsa. Kwa amene ntchito yawo siiyenera kuima, nzeru ndi kukhala ndi njira ziwiri zosadalirana, rauta n'kuikonza kuti ina ikafa izilumphira yokha pa inzake. Funsaninso ngati liwiro lolembedwa pa kontrakiti ndi lanulanu kapena logawana ndi ena, chifukwa mitengo yake imasiyana kutali.

Malamulo alipo

MACRA, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998 ndipo tsopano imayendera lamulo la mu 2016, ndiyo imapereka ziphaso. Kugawa WiFi m'kati mwa sukulu yanu ndi nkhani ina, kugulitsa intaneti kwa anthu a m'dera ndi nkhani inanso, yofuna chilolezo. Palinso lamulo la mu 2024 loteteza mbiri za anthu. Sukulu kapena kachipatala kosunga maina, manambala a foni ndi matenda a anthu kali ndi udindo wozitchinjiriza. Pa chifukwa chimenechi netiweki ya alendo ndi ophunzira iyenera kulekanitsidwa ndi ya ofesi, kuti mwana wochenjera asafike pa kompyuta ya abasala.

Wa konkuno kapena wa ku Lilongwe?

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa ntchito zazikulu n'zoona kuti wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre angaone zimene ife taziphonya. Koma netiweki siitha tsiku loikidwa. Ikafa Lachisanu madzulo, wa ku Lilongwe ali kutali makilomita opitirira 300 pa msewu wa M1, pomwe wa konkuno afika pa kabaza. Ndipo aluso alipo. Yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga, imene idalandira ophunzira oyamba mu 1999, imaphunzitsa ICT, ndipo achinyamata ena amawonjezera maphunziro a Cisco kapena a MikroTik. Zimandiwawa kuona mabungwe akuitanitsa munthu wakutali pa ntchito imene mnyamata kapena mtsikana wa ku Katawa komweko akanaigwira, kenako n'kumamuitana wa konkunoyo kudzakonza zowonongeka pa mtengo wa ganyu. Satifiketi muione, koma koposa apo pemphani kuti akuonetseni malo awiri amene anagwirako ntchito, mukafunse eni ake ngati amayankha foni zinthu zikavuta.

Zimene ayenera kukusiyirani

Pano mpamene ambiri amagwa. Ntchito yatha, intaneti ikuyenda, aliyense wakondwa, katswiri wapita ndi manambala achinsinsi onse m'mutu mwake. Mawa akasamukira ku Johannesburg, kapena mukangosemphana mawu, mumatsala ndi zipangizo zanu zomwe simungazitsegule, ndipo wobwera pambuyo amayenera kufufuta zonse n'kuyambira pachiyambi, inu n'kulipiranso.

Musapereke ndalama yomaliza musanalandire chojambula choonetsa mmene mawaya ayendera, mndandanda wa zipangizo ndi manambala ake, malisiti ndi mapepala a waranti, komanso mapasiwedi onse mu envelopu yomata yosungidwa ndi mwini bungwe. Akaunti ya kwa kampani ya intaneti ilembedwe m'dzina la bungwe, osati la katswiri kapena la wantchito mmodzi. Waya uliwonse ukhale ndi kachizindikiro mbali zonse ziwiri. Mugwirizanenso polemba kuti mukamuitana adzafika pasanathe maola angati, ndipo pa mtengo wanji. Pomaliza, apatule tsiku limodzi aphunzitse munthu wa pamalopo, kaya mlembi kaya mphunzitsi, kuwerenga timagetsi ta pa rauta, kuzimitsa ndi kuyatsa zipangizo mwa ndondomeko yake, ndi kuzula mawaya akunja mabingu akayamba.