Ana athu ndi malonda a zinthu zakale: phunziro lake ndi malire ake

Mukayenda pamsika uliwonse m'dayosizi yathu, mupeza katundu amene sanatuluke m'fakitale. Pali koloboyi wa chitini, nkhwayira zodulidwa ku tayala lakutha, mbaula ya malata otsala pomanga nyumba, chopondera pakhomo cholukidwa ndi zigamba za kwa telala, komanso thobwa wa m'mabotolo amene kale munali zakumwa zina. Mukafufuza, mupeza kuti pa ntchito zambirizi padutsa manja a ana. Ndiwo amatola mabotolo, kuwatsuka, kusankha zigamba, ndipo nthawi zina ndiwo amakhala pabenchi kugulitsa.

Zinthu zikukwera mtengo tsiku ndi tsiku, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo makolo ambiri akuona kuti ndi bwino mwana aphunzire kupeza kangachepe akadali wamng'ono. Maganizo amenewa ndi abwino, pakuti m'mera mpoyamba. Koma kuti malonda otere akhale phunziro kwa mwana, pafunika munthu wamkulu woti aziona zinthu zitatu: chimene mwanayo akugwira m'manja, nthawi imene akugwira ntchitoyo, ndi kumene ndalama yake ikupita.

Chimene mwana amaphunzira

Tiyerekeze kuti mtsikana wa Sitandade 7 wapatsidwa K6,000 ndi mayi ake. Pa kaunjika wagula madiresi asanu a ana pa K1,000 imodzi. Wawapeza motchipa chifukwa ina ilibe mabatani, ina yasosoka mpendero. K1,000 yotsala wagulira sopo, ulusi ndi mabatani. Wachapa, wasoka, wasita, n'kuika mtengo wa K1,800 pa diresi iliyonse. Pakutha pa milungu iwiri, anayi agulidwa, imodzi yatsala.

M'manja mwake muli K7,200, ndipo apa m'pamene pali phunziro lalikulu. Ana ambiri, ngakhalenso akuluakulu ena, amaona ngati ndalama yonseyo ndi phindu. Kholo likakhala naye pansi ndi kope, mwanayo aona yekha kuti K6,000 ndi mpamba wosayenera kudyedwa, ndipo phindu ndi K1,200 pamodzi ndi diresi imene yatsala ija. Ayambanso kudzifunsa chifukwa chimene diresiyo sinagulidwe: kodi ndi mtundu wake, kukula kwake, kapena mtengo? Masamu amene amamuvuta pabolodi amayamba kumveka chifukwa tsopano akuwerenga ndalama yake yomwe.

Aphunziranso kunena zoona kwa wogula. Ngati chovala chasokedwa penapake, asabise. Wogula amene wauzidwa zoona amabweranso mawa. Aphunzira kuti ngongole yopereka kwa mnzake wa m'kalasi imatha kugwetsa bizinesi, ndiponso kuti chinthu chimene wina wataya chimatha kukhala ndi mtengo ngati wachikonza mwaluso. Papa Francisco, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anadzudzula chizolowezi chongogwiritsa ntchito zinthu n'kutaya. Mwana amene wasandutsa zigamba kukhala chikwama cha mabuku wachita zimene kalatayo ikutipempha, ngakhale sanaiwerengepo.

Si chilichonse chotayidwa choyenera manja a mwana

Ife a zaumoyo timaona mbali ina ya nkhaniyi, chifukwa mabala ndi matenda ake amathera kuchipatala.

Tiyambe ndi mabotolo. Botolo lotoledwa m'ngalande, kudzala kapena pafupi ndi chimbudzi limakhala ndi tizilombo ta m'chimbudzi, ndipo kungolitsukuluza ndi madzi sikuchotsa tizilomboto. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mabotolo othiramo thobwa kapena madzi azichokera m'nyumba zodziwika, atsukidwe ndi sopo mkati ndi kunja, pakamwa ndi chitsekerero chomwe, kenako aviikidwe m'madzi a kolorini. Botolo kapena chigubu chimene munali mankhwala ophera tizilombo m'munda kapena m'chimanga sichiyenera kusungiramo chakumwa kapena mafuta ophikira, ngakhale chitatsukidwa kangati, chifukwa pulasitiki imasunga poizoniyo.

Chachiwiri ndi malata, zitini ndi mawaya. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo timalowa m'thupi kudzera pa bala, makamaka lobaya lakuya. Mwana akadzicheka, tsukani balalo msanga ndi madzi aukhondo ndi sopo, musapakepo dothi, phulusa kapena mankhwala otsukira mano, ndipo pitani naye kuchipatala mutatenga buku lake la kuchipatala kuti aone ngati akufunika katemera wina. Katemera amene analandira ali khanda, pa milungu 6, 10 ndi 14, sateteza moyo wonse. Ntchito yodula malata ndi matayala ichitidwe ndi wamkulu, mwana azithandiza kuyeza, kulumikiza ndi kukongoletsa.

Pali zinthu zina zimene mwana sayenera kugwira n'komwe. Mabatire akutha a galimoto ndi a sola ali ndi asidi komanso mtovu. Mtovu umawononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono popanda chizindikiro choonekera msanga, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Kuwotcha matayala kapena nthambo za magetsi pofuna kutulutsa waya kumatulutsa utsi wowononga mapapo, makamaka kwa mwana wa mphumu. Majakisoni, mabotolo a mankhwala ndi chilichonse chochokera kudzala la chipatala chingathe kupatsira matenda a chiwindi.

Zovala za kaunjika n'zosaopsa kwenikweni, koma zichapidwe ndi sopo, ziyanikidwe padzuwa ndi kusitidwa zisanayesedwe kapena kugulitsidwa, popewa mphere ndi nsabwe.

Nthawi ndi malo

Lamulo la za ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka zapakati pa 14 ndi 18 sayenera kugwira ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa sukulu. Lamulo la maphunziro la mu 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita kusukulu ya pulayimale. Choncho mwana amene wajomba Lachitatu chifukwa ndi tsiku la msika sakuphunzira bizinesi. Akugwiritsidwa ntchito, ngakhale womutumayo ndi kholo lake lomubereka.

Ngati mzamba, chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi atsikana ogulitsa madzulo m'madepoti, m'malo omwera mowa ndi m'mbali mwa msewu waukulu. Kumeneko kumapezeka abambo amene amagula katundu yense nthawi imodzi, koma chimene akufuna si katunduyo. Mimba za ana achichepere zimene timalandira kuchipinda chochilira, pamodzi ndi mavuto ake monga kulephera kubereka chifukwa chiuno sichinakhwime, zina zimayambira pa malonda otere. Mwana azigulitsa masana, ataweruka kusukulu kapena Loweruka, pakhomo, patchalitchi kapena pambali pa wachibale wamkulu, ndipo dzuwa likamalowa akhale ali kunyumba.

Zimene parishi ingachite

Miphakati yathu ili ndi atelala, amisiri a malata ndi amayi oluka. Mmodzi wa iwo atapereka maola awiri Loweruka masana, ana khumi angaphunzire luso pamalo otetezeka, zipangizo zitasankhidwa kale ndi wamkulu. Amayi a m'magulu a banki m'khonde, amene amadziwa kale kulemba masheya ndi ngongole, angaphunzitse anawo kusunga kope la zolowa ndi zotuluka.

Ntchito imodzi yoyenera kuyambira ndi kusoka mapadi ochapa pogwiritsa ntchito nsalu za thonje ndi matawulo a pa kaunjika. Atsikana ambiri amajomba akakhala kumwezi chifukwa chosowa chovala. Akaphunzira kusoka okha, amapeza ogwiritsa ntchito iwo eni ndi ena ogulitsa, komanso mpata woti mlangizi awauze kuti mapadiwo azichapidwa ndi sopo ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka aume, osati kubisidwa kunsi kwa mphasa ali onyowa.

Pomaliza pali nkhani ya ndalama. Kholo likamatenga phindu lonse osanena kanthu, mwana amataya mtima, kapena amayamba kubisa. Gwirizanani poyambirira pomwe kuti gawo lina libwerere ku mpamba, lina ligulire makope, sopo kapena yunifolomu, ndipo lina laling'ono mwanayo asankhe yekha chochita nalo. Pakutha pa teremu, tsegulani makope onse awiri, la bizinesi ndi la kusukulu. Ngati la bizinesi likuyenda bwino koma malikisi atsika, malondawo ayambe aima mpaka tchuthi.