MPHERO YA M'MUDZI NDI MAGALASI A MASO: LAMULO LAKE NDI LIMODZI

Aliyense amene anaonapo mphero yakale m'midzi ya kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya, m'boma la Chongwe, adziwa kuti mwalawo umakumbika pakati, pamene m'mbali mutsala motukuka. Cifukwa cake ncosabisika. Pakatipo ndi pamene mwana wa mphero amadzera kawiri-kawiri, ndiponso ndi pamene amai amatsamira ndi mphamvu zao zonse popera mawere.

Akatswiri osula magalasi a maso, onga amene okalamba athu amakatenga ku Lusaka, alimbana ndi nkhani yomweyi. Galasi la maso si lathyathyathya ngati la pa zenera. Liri lokhota monga supuni, ndipo kukhotako ndiko kumapinda kuwala kuti kukagwe pa malo oyenera m'kati mwa diso. Polisalaza, likadyeka mopitirira pang'ono cabe, mwini wake aona cimbuuzi, mutu nkuyamba kuwawa.

M'caka ca 1927, katswiri wa ku England, a Frank Preston, analemba lamulo limene ligwirabe nchito mpaka lero. Iwo anaonetsa kuti kudyeka kwa galasi pa malo alionse kudalira zinthu zitatu: mphamvu imene cosalazira cikanikiza nayo, liwiro limene ciyenda nalo, ndi nthawi imene cikhala pamalopo. Mukawirikiza kawiri cimodzi mwa izi, kudyekanso kuwirikiza kawiri.

Kunena nkosavuta, koma pa galasi lokhota zinthu zimasokonekera. Cosalazira sicikhala mofanana ponse-ponse. Pena cigwira kwambiri, pena cingokhudza. Coipitsitsa ciri m'mphepete. Cikafika kumeneko, mbali yake ina ilendewera kunja, kulemera konse nkugwera pa kacigawo kotsalako, ndipo mphepete idyeka msanga kuposa pakati. Ncifukwa cake masiku ano, pa magalasi ofunika kulondola kwambiri, amayamba apima galasi lonse ndi kuwala, napanga mapu oonetsa pokwera ndi potsika. Kompyuta iwerengera kuti kacosalazira kakang'ono kacedwe nthawi yotani pa malo alionse: pa kacitunda kazengereza, pa kacigwa kangodutsa. Akatha apimanso, nabwereza mpaka litafika pa muyeso.

Koma masamu onsewa atsamira pa copimira. Mu April 1990, dziko la America linaponya m'mlengalenga makina oonera nyenyezi ochedwa Hubble, okhala ndi kalilole wa mamita 2.4 m'mimba mwake. Kaliloleyo anamusalaza mwaluso lodabwitsa, komatu zithunzi zinabwera zosaoneka bwino. Copimira cinali citaikidwa molakwika, motero m'mphepete munadyeka mopitirira ndi gawo limodzi cabe mwa magawo 50 a kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Panafunika kutumiza anthu kumwambako mu December 1993 kuti akawaveke makinawo magalasi okonza vutolo, monga momwe acitira ndi agogo ku cipatala ca maso.

Nanga cimene cidya galasilo nciani? Si nsalu kapena mphira wa cosalazira ai, koma phala la madzi ndi ufa wosalala kwambiri. Pa galasi leni-leni ufa wodalirika ucokera ku msapulo wochedwa cerium (magalasi a maso ambiri a lero ndi a pulasitiki, ndipo ali ndi ufa wao-wao). Msapulo umenewu upezeka m'miyala ya phiri la Nkombwa ku Isoka kuno kwathu, ndiponso pa Kangankunde m'boma la Balaka ku Malawi.