CIPATALA CA KUMUDZI CIKALIMBA, NAFE A M'TAUNI TIPUMA

Mabanja ambiri a ku Kapata, Mchini ndi Nabvutika aidziwa bwino nkhani iyi. Madzulo mumva odi pakhomo. Potsegula mupeza alamu anu ocokera ku Tamanda, ali ndi pakati, abwera kudzadikira tsiku lao pafupi ndi cipatala cacikulu ca Chipata Central. Muwalandira ndi manja awiri, koma ufa, makala ndi ndalama za galimoto zonse zicokera m'thumba lanu.

Ndiye cifukwa cake za umoyo wa kumudzi zitikhudza ife tonse.

Kale bvuto linali ndalama zolipira pa cipatala, zimene zinayamba m'caka ca 1993. Boma linazicotsa m'madera a kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 linazicotsanso m'makiliniki a m'matauni. Koma cithandizo caulere siciphula kanthu ngati mai ayenda mtunda wautali pa njinga, kapena ngati pa kiliniki palibe madzi, nyali, nyumba ya anamwino ndi pogona amai odikira kucira.

Nanga zimenezi akonze ndani? Mu 2018 dera la Chipangali, kumene kuli Tamanda, linapatulidwa ku Chipata ndi kukhala boma palokha, lokhala ndi khonsolo yakeyake. Mu 2022 ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera lililonse la phungu wa nyumba ya malamulo, ndipo mu 2025 zinafika pa K36.1 miliyoni. Gawo lalikulu la ndalamazi ndi la nchito zothandiza anthu onse, monga zitsime, masukulu, milatho ndi zipatala zazing'ono.

Ndalamazi sizigwa ngati mvula ai. Anthu a m'mudzi amakhala pansi ndi kugwirizana cimene cisoweka. Pempho lao amalipereka ku komiti ya citukuko ya m'wodi mwao. Komitiyo imalitumiza ku komiti ya CDF, mmene muli aphungu, makhansala ndi oimira mafumu. Mudzi umene sufika pa misonkhano, pempho lake sililembedwa.

Tsono inu a m'tauni, potumiza sopo ndi shuga kumudzi, tumizaninso mau awa. Afunseni abale anu ngati adziwa khansala wao ndi tsiku la msonkhano wa m'wodi. Alimbikitseni amai kupitako ndi kulankhula okha, pakuti ndiwo adziwa kutalika kwa njira ya ku sikelo. Nchito ikabvomerezedwa, afunse mtengo wake ndi tsiku loimaliza.

Koma pali zina zosayembekeza msonkhano. Mai wapakati akataya magazi, akatupa nkhope ndi manja, akamva mutu waukulu, akakomoka kapena mwana akaleka kugunda m'mimba, apite ku cipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Alamu oterewa akafika pakhomo panu, musawagoneke pa mphasa kudikira kuca.